Tsiku limene ndinalawira mudzi wonse

Anzanga inu, ine lero ndine gogo, adzukulu mbwee pakhonde, mano atha koma kuseka sindisiya. Komatu lilipo tsiku lina kwathu kuno ku Malindi limene ndikalikumbuka ndimafunda chitenje kumutu, ngakhale ndili ndekha m'nyumba.

Gwero lake ndi Esinati, mkazi wa mng'ono wawo wa amuna anga. Esinati anakagwirako ntchito yochapa pa hotela ina kutsidya, cha ku Chembe uko. Atabwerako, ayi ndithu, pakamwa sipankatsekeka. Akuti azungu nyengo yotentha amachita phwando la pachilumba. Akuti maluwa m'khosi, masiketi a udzu m'chiuno, chakumwa chosakaniza dzina lake kokotelo, aliyense kapu yakeyake, pamwamba kaambulera (ambulera wa chiyani, chakumwa chimaopa mvula?). Ine ndinkangopinda milomo. Koma tsiku lina abambo ake a Joji, amuna anga enieni, amene ndinawawotchera chambo zaka ndi zaka osamva ndi zikomo yemwe, anati uku akusoka ukonde wawo: "Koma Esinati uja, dziko analiona."

Mawu amenewo anandiima pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndimeze malovu, ali pomwepo. Ndipite kumunda, ali pomwepo. Ndigwade m'tchalitchi, ali pomwepo. Ndinalumbira kuti chilumbacho chibwera pabwalo panga, ndipo pakamwa pomwe paja pa amuna anga padzatuluka dzina langa.

Unali Okutobala, mchenga wowotcha mapazi. Ndinakumba ngalande kuzungulira mtengo wa mango kuti pakati pakhale chilumba. Ndithire madzi, mchenga wamwa. Ndithirenso, wamwanso. Panatsala matope okha, ndinati basi, nyanja yake ndi yomweyi. Maluwa a m'khosi ndinatunga, masiketi ndinaluka a mlaza, koma poti masiku a chipani chimodzi aja bondo la mkazi silinkaoneka pagulu, tinawamanga pamwamba pa zitenje, nkumaoneka ngati nkhokwe zoyenda. Makapu anali zigoba za malambe, zomwera mapesi a papaya, maambulera masamba a chinangwa. Mumtsuko ndinathira bwemba, mango ofinya, mandimu, shuga, kenaka kachasu wa ku Namwera, woyamba kudontha uja. Esinati sindinamufunse kanthu ndi kamodzi komwe. Ndinangomuitana kuti adzaone.

Ndinaitananso awapampando a chipani a m'dera lathu, chifukwa nthawi imeneyo anthu sankasonkhana iwo osadziwa. Anafika dzuwa lili paliwombo, nkudumpha matope anga, nkukhala pampando wa ndalema. Ndinagwada, mlaza uli tswatswatswa, nkuwapatsa chigoba choyamba. Iwo anachiyang'ana, anayang'ana tsamba la chinangwa, anandiyang'ana ine.

"Mayi, mwambo mwausiya kuti? Chotsani kaye mankhwala."

Inu mukudziwa, kwathu mwini mowa amayamba walawa pamaso pa mlendo, kuti aone kuti mulibe choipa. Chipanda chikakhala chimodzi, umalawa kamodzi, chizungulire chokha. Koma pachilumba paja aliyense ali ndi chake. Zimenezo mutu wangawu sunaziganize.

Ndinalawa cha awapampando. Ndinalawa cha akatekisiti. Ndinalawa cha alamu anga. Poti akuluakulu alawiridwa, ndani akanalola kumwa chosalawidwa? Manja anatambasuka bwalo lonse, ine nkumayenda chigwadire, pano pyo, apo pyo. Otsiriza asanalandire, oyamba aja abwereranso, ndilawenso. Kunena zoona chinkakoma, anzanga, chinkatsika ngati madzi a pachitsime.

Esinati anandinong'oneza kuti achemwali, thirani zonse m'chipanda chimodzi mulawe kamodzi. Ndinamuyankha mokweza kuti chilumba ichi ndi changa, chake anachisiya ku Chembe pamodzi ndi sopo wa azungu. Anthu anaseka, ine mtima nkukula. Ndinayang'ana abambo ake a Joji, ndinaona akugwedeza mutu, ndinati eya, dzina langa lili m'njira (chonsecho mutuwo ankaugwedeza cha uku ndi uku).

Kenaka mtengo wa mango unayamba kuyenda. Ng'oma inalira. Tsono ine ndinali woyambitsa nyimbo pa magule a chipani, mawu anga ankamveka mpaka kuchipatala cha mishoni. Nyimbo inabwera yokha pakhosi, ija tinkatamandira nayo atsogoleri a dziko. Koma mawu ake ndinaikamo anga. Ndinayimba kuti Esinati wachapa, wachapa, wabwera ndi pakamwa. Esinati waona dziko, dziko la m'beseni.

Ng'oma inasiya. Awapampando anaika chigoba pansi pang'onopang'ono. Amene munakhalako zaka zimenezo mukudziwa kuti nyimbo imeneyo sinali yoseweretsa, anthu ankakwera galimoto osabwerako pa zinthu zochepa kuposa pamenepo. Ine osaona kanthu, ndikukonza ndime yachiwiri.

Amene anandipulumutsa mukumudziwa kale. Esinati anaimba nthungululu yoboola makutu, nkulumphira pakati, nkuyambitsa nyimbo yomweyo ndi mawu ake enieni, mokweza kuposa ine. Amayi onse anavomera, ng'oma inabwerera, awapampando anayenera kuimirira ndi kuwomba m'manja. Amayi awiri anandikokera kuseri kwa khitchini, kundithira madzi, kundigoneka pamphasa. Ndinadzuka dzuwa litapendeka, mbuzi ikumaliza siketi yanga. Pabwalo chisangalalo chili mkati, Esinati akuyendetsa chipanda chimodzi, maluwa anga ali m'khosi mwake.

M'mawa mwake abambo ake a Joji anandiitana. Ndinapita mutu ukulira ngati mtondo, komabe kachiyembekezo kalipo.

"Amake Joji, gwirani nkhuku mukathokoze. Esinati uja si dziko lokha analiona, nzerunso ali nazo."

Ndinapita nayo nkhukuyo, thadzi langa loikira bwino. Esinati analandira ndi manja awiri, nkundifunsa ngati mutu wapepuka, mokoma mtima mpaka kundipsetsa mtima. Mpaka lero okalamba anzanga akakumbuka tsiku limenelo amati phwando la Esinati lija, chonsecho ngalande ndinakumba ndine, kachasu ndinagula ndine, kulawa konse ndinalawa ndine.

Abusa amati nsanje ndi tchimo, ndipo Lamulungu lililonse ndimavomera ndi mtima wonse. Koma Lolemba ndikadutsa pakhomo pa Esinati, nkuona nkhuku zili yakaliyakali, zidzukulu za thadzi langa lija, ndimayamba kuziwerenga.