Msampha wa Kambuku Unagwira Mwiniwake

Pa moyo wanga pali masiku atatu amene ndimawadumpha ndikamafotokozera ana za unyamata wanga. Koma amene anaona nkhaniyi ndi maso atsala ochepa, ndipo otsalawo akuithira mchere wambiri, ndiye bola ndiinene ndekha.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira kuwotcherera zitsulo mu ofisina, nyumba yogwiriramo ntchito za zitsulo, ya abambo ansembe, kwathu kuno ku Angonia. Wotiphunzitsa anali bulazala wina wachipwitikizi amene tinkamutcha Irimau, wamfupi, wopanda nsidze (moto unazimaliza kalekale). Ndinali m'chaka chachitatu, chotsala chinali ezame basi: kupanga chinthu chimodzi ndekha, mzungu wa boma wochokera ku Tete adzachione, andipatse dipuloma. Pepalalo ndinkalifuna zedi chifukwa cha Rozina, mtsikana wa ku Lifidzi. Malume ake, aZuze, anali atanenetsa kuti mbumba yawo siipita kwa munthu wongoseweretsa moto.

Mwezi wa chisanu chaka chimenecho kambuku anavuta ku Domwe, mbuzi zinkatha. Anthu atadzapempha msampha, Irimau anati ezame yanga ndi yomweyo: khola lachitsulo, lokhala ndi chitseko chotsetsereka kuchokera pamwamba.

Pofika Lolemba zonse zinali zitatheka, kupatula tinjira tiwiri toyendamo chitsekocho. Timeneto timawotchereredwa cha m'kati. Ndinakwawira m'kholamo ndi masariko, kachida kotulutsa lawi kaja, mipaipi yake nditaipisa m'mipata ya zitsulo. Kenako ndinatsitsa chitseko kuti tinjirato tiwongoke bwino.

Tsiku limenelo dzanja langa linali lina. Chitsulo chinkasungunuka n'kumayenda ngati uchi, mzere wake wosalala, wopanda ndi kabowo komwe. Tsono amene simunavalepo magalasi akuda aja mudziwe kuti munthu saona china chilichonse koma kadontho ka moto basi. Ndinamaliza kanjira koyamba, ndinaona mpata pambali pake, ndinautseka. Ndinaona wina, ndinautsekanso. Ndinkaimba ndi nyimbo. Ndinasiya pokhapokha lawi litati phwii, mpweya watha m'botolo.

Ndinavula magalasi, ndinagwira chitseko kuti ndikweze. Chinakana. Ndinali nditachiwotcherera kumanja, kumanzere ndi pansi pomwe.

Irimau anabwera, anazungulira khola kawiri, akuyendetsa chala pamzere uja.

"Wawotcherera apa ndiwe?"

"Ndine, Irimau."

"Chiyambire ntchito imeneyi sindinaone mzere wokongola chonchi."

"Zikomo. Tsono mundidulire ndituluke."

Anandikumbutsa kuti mpweya watha, ndipo botolo lina likubwera pa galimoto yomweyo yodzatula mzungu wa ezame. Ndinati sera yodulira zitsulo ilipo, ili pakhoma apo.

"Tidule ntchito yotereyi mzungu asanaione? Afika mawa. Sankha wekha, ukufuna kutuluka kapena dipuloma?"

Ndinasankha dipuloma. (Musandiweruze, Rozinayo simunamuone.)

Mawalo galimoto siinafike, akuti inafera pachitunda. Khola lija ndinaliyeza pa msinkhu wa kambuku, choncho kuimirira kunali kosatheka, ndinkangokhala chonjuta. Ananditulutsira pakhonde ndi khola lomwe, ati ndiothereko dzuwa. Chakudya chinali mbatata ya kachewere, chifukwa mbale siikanalowa, koma mbatata inkalowa imodziimodzi. Za kuthengo musandifunse. Panali kachitini, ndi masaka awiri otchinga.

Lachiwiri lomwelo anthu a ku Domwe anafika ndi ngolo kudzatenga msampha wawo, atanyamula ndi mbuzi yoti akaike ngati nyambo. Atapeza muli kale munthu, anakhala pansi n'kuyamba kukambirana ngati anditenge momwemo. Mbuzi anaimangirira ku khola langa. Pomafika masana inali itadya saka limodzi.

Mbiri inayenda kuti msampha wagwira usanachoke n'komwe pa ofisina. Lachitatu itatha misa, tchalitchi chonse chinakhuthukira kwa ine, amayi akukweza ana pamapewa. Mkulu wina wa ku Domwe konko anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anauza anthu kuti iye ankadziwa kale kuti chodya mbuzi zawo si nyama wamba, ndi munthu wosanduka.

"Taonani maso akewo, kufiira," anatero.

Maso anali ofiiradi, chifukwa cha utsi ndi kusagona. Anandiyandikira n'kundifunsa mwaulemu ndithu kuti mbuzi yake yamawanga ija ndinaidyera kuti, akatoleko chikopa chokha. Ndinalumbira kuti ku Domwe sindinapondeko chaka chonse. Iye anati n'zoona, ndi mapazi a munthu sindinapondeko.

Ndili pa mlandu umenewo, ndinamva belu la njinga. Anali aZuze, Rozina ali pakaliyala. Anthu anawapatsa njira. Mwambo umati mkamwini anjute pamaso pa akuchikazi, ndipo kumbali imeneyo ndinali wokonzeka kuyambira Lolemba.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, malume."

Anagwira zitsulo ndi manja awiri, anagwedeza, khola silinasunthe.

"Mwapanga ndinu limeneli?"

"Ndine."

"Nanga mukutanimo?"

"Ndikuliyesa ngati ndi lolimba."

"Mwayamba liti kuyesako?"

"Dzana."

Rozina anali atatembenukira kukhoma, nsalu ali nayo pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ine mumtima ndinati basi, ukwati wathera pompano, pamaso pa mbuzi. AZuze anatembenukira kwa Irimau.

"Anyamata a masiku ano ukawapatsa mkazi, mvula isanagwe athawira ku Joni. Uyu ndamuona. Akakhala pamalo, wakhala."

Galimoto inafika madzulo a tsiku lomwelo. Mzungu wa ezame anali wotopa, fumbi lokhalokha, ndipo sanafunse n'komwe chimene ndinkachita m'katimo. Anatenga nyundo n'kuyamba kumenya mzere uliwonse, ine ndili momwemo ngati kachitsulo ka m'kati mwa belu. Atatha anafunsa Irimau, Irimau n'kunditanthauzira:

"Akuti chitseko cha msampha ntchito yake n'chiyani?"

"Kutsika, osatsegukanso."

"Chinatsika?"

"Chinatsika."

"Chatseguka?"

"Ayi."

Mzungu analemba papepala lake, ndipo ndinakhoza.

Ngakhale apo Irimau anakana kudula chitseko. Anadula zitsulo ziwiri za kumbuyo, ndipo ndinatuluka chafutambuyo, matako patsogolo, miyendo itakana kuwongoka. Mpaka Lamulungu ndinkayenda ngati ndikufunafuna singano pansi. Chitseko chija anachichotsa chathunthu ndi tinjira take n'kuchipachika mu ofisina kuti ophunzira aziona, ine n'kupanga china (ulendo uno nditaima kunja).

Msampha unapita ku Domwe, unakhala kuthengo miyezi iwiri. Kambuku sanalowemo, ati munkanunkha munthu. Komabe mbuzi zinaleka kusowa, ndipo mkulu uja mpaka imfa yake ankati umboni ndi womwewo. Tikakumana pamsika ankandivulira chipewa, n'kukokera mbuzi yake kumbali inayo.

Rozina ndinamukwatira chaka chotsatira. Amene ndawaphunzitsa ntchitoyi ndi ambiri, ndipo aliyense tsiku loyamba ndimamuuza kuti asanayatse moto ayambe waona mbali imene waima, ndi kumene atulukire. Amangogwedeza mutu, poganiza kuti ndi nzeru za ukalamba. Chimene sindiwauza n'chakuti manja anga tsopano amanjenjemera, ndipo atati andibwezere dzanja la Lolemba lija, n'kundiikanso m'kholamo, mpata uja ndikhoza kuutsekanso.