Sitata Yonyamulira Apongozi

Lolemba

Galimoto yanga yatha! Kuyambira ku Chiromo mpaka ku Chindio palibe mwana wa munthu amene anapanga yake ndi manja. Injini: ya lole imene inafera ku makina a thonje kumene ndimagwira ntchito. Giyabokosi: ya galimoto ina yotsala pa nkhondo ya Jeremani. Thupi: matabwa a mlombwa. Ikalira, mvuu za ku dambo zimavomera.

Lamulungu ndinyamula apongozi kupita nawo ku tchalitchi ku Nsanje. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pa chikamwini, kulima mapira a eni ake. Apongozi akakatsika anthu onse akuona, ndituma ankhoswe akapemphe chitengwa, nditenge amake Zuze tikakhale kwathu. Angakane bwanji?

Vuto ndi limodzi, laling'ono ngati nsabwe: handulo. Woliza injini ndi handulo amaima kutsogolo, maso ndi maso ndi okwera. Mkamwini kuyang'anizana ndi apongozi, uku akubuula, thukuta lili kamukamu? Mwano! Pafunika sitata. Ndikhale pampando, msana kwa iwo, ndiponde, vuuu!

Lachiwiri

Masitata atatu, ine ndekha! Ngakhale Bwanamkubwa ku Zomba ali nayo imodzi.

Yoyamba: ya kwa Mmwenye wa sitolo, yonyezimira.
Yachiwiri: yopezeka m'zitsulo zotayidwa ku njanji, yaitali ngati mlamba.
Yachitatu: anaivuula asodzi pa galimoto imene inamira ndi madzi osefukira. Mkati muli nkhono ziwiri.

Mlamu wanga Fulanki akuti, "Mkazi mmodzi wakukanika kumuchotsa pano, wayamba mitala ya zitsulo?" Nsanje basi. Iye ngakhale wilibala sadziwa kuyendetsa.

Lachitatu

Yonyezimira ili ndi mabowo atatu a mabawuti. Giyabokosi ili ndi awiri, ndipo sakuyang'anana. Ndalankhula nayo Chimang'anja, Chisena, ndi Chizungu changa chonse. Nkhabe, yakana.

Yaitaliyo mabowo ake ndi abwino, koma mphuno ikugunda chitsulo mkati. Ndaifupikitsa ndi sowo. Tsopano ikulowa bwino kwambiri. Kuzungulira kokha ndiye yaleka.

Lachinayi

Ya asodzi yalowa ngati inabadwira pomwepo! Batire ndabwereka ku ntchito. Ndiponda: fwiii! Ikuzungulira ngati namondwe. Injini ili duu.

Ndaitana Mgowa wokalamba, Mmwenye wina amene ndi mmisiri wathu wa ku makina. Wasuzumira, waseka mpaka kukhosomola. Akuti sitata imaluma mano a chigudumu cha kumbuyo kwa injini, koma changachi n'chosalala ngati nkhama za khanda. "Injini iyi inabadwa masitata asanabwere." Bwanji osandiuza Lolemba? "Sunafunse. Umalankhula."

Lachisanu

Mano akasowa, mmisiri amawasema. Tupa m'manja kuyambira tambala woyamba. Pakufunika mano oposa zana. Dzuwa likupendeka ndili ndi khumi ndi limodzi, ndipo palibe lofanana ndi linzake. Zala zatupa ngati mbatata za ku dimba.

Amake Zuze: "Amayi atulutsa kale nsalu yawo ya m'bokosi. Auza mudzi wonse. Musandichititse manyazi, bambo."

Ine manyazi? Ine?

Loweruka

Ndayesa pa mano khumi ndi limodziwo. Sitata yaluma, kwee! Yawalavula onse pansi, ndi ake omwe. Nkhuku zikutola.

Nzeru ina: mawa ndiliza ndi handulo apongozi asanatuluke m'nyumba. Akapeza ikulira kale. Mutu uwu akanaupeza Azungu akanauika m'galasi.

Lamulungu

Yalira bwino m'mamawa. Apongozi akusamba. Ikulira. Apongozi akudzola. Ikuwira. Apongozi akumanga nsalu, akumasula, akumanganso. Akhala pampando wakumbuyo ndi amake Zuze, injini tswii, phe!

Mudzi wonse wazungulira. Ndapita kutsogolo chammbuyo, ndagwira handulo nkhope itayang'ana ku Shire. Yesani kupukusa chitsulo chimene simukuchiona! Kasanu ndi kawiri. Ndagwada m'fumbi.

Apongozi kwa mwana wawo: "Auzeni bambowo apatuke."

Atsika, akwinda nsalu ya m'bokosi ija, alavulira m'manja, agwira handulo. Kamodzi kokha. Vuuu! Nthungululu mpaka ku Makhanga.

Tafika bwino ku tchalitchi, koma mbiri yatitsogolera. Palibe wofunsa amene anapanga galimoto. Onse akufunsa amene anailiza.

Ankhoswe abwera madzulo ndi yankho. Apongozi akuti galimoto ndi yabwino, pyadidi, mkamwini ndi wanzeru. Koma munthu amene sanganyamuke popanda dzanja lawo azikhala pafupi ndi dzanjalo.

Mawa kulimira mapira. Fulanki wandinolera kale khasu.