Khosi la Apongozi a Fabiano

Ndisanafotokoze manyazi amene ndinakawaona ku Bwanje, ndiyenera kunena kuti mlandu wonse ndi wa mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino, amene anandigulira wailesi yakanema pamodzi ndi sola yake. Akanandigulira bulangete, bwenzi lero ndikadali munthu wolemekezeka.

Pa kanemayo pamabwera sewero la chipatala cha kunja, ndipo mwini bwalo m'sewerolo ndi dokotala wanzeru zoopsa koma wamwano ngati sanaleredwe ndi anthu. Salonjera munthu. Amangolowa, kuyang'ana wodwala kamodzi, kutchula nthenda imene anzake onse aiphonya, kenaka n'kuwatcha mbuli. Wodwalayo amachira, abale ake n'kumathokoza misozi ili mbwembwembwe. Ine ndi Chingerezi changa cha kumishoni ndinkamumva bwino lomwe, ndipo Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa ndinkathamangira kunyumba (kuthamanga kwa nkhalamba, mukukudziwa). Posakhalitsa ndinayamba kuona matenda pa aliyense. Mayi a kunyumba anachita kundiletsa kuwasuzumira m'maso akamadya.

Tsono Fabiano, mwana wa mlongo wanga, anapeza mbeta ku Bwanjeko, kufupi ndi Golomoti, kwa alimi a mpunga, ndipo unkhoswe unagwera ine malume ake. Mnyamatayo anali atakanidwa kale kawiri kwina, choncho njira yonse anandichonderera kuti ndikalankhule za ukwati zokha.

Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ine ndi malume a mtsikana tinalonjerana mwaulemu, nkhani n'kumayenda myaa ngati madzi a m'ngalande. Kenaka mayi a mtsikanayo anabwera ndi thobwa. Anagwada chapatali, nkhope atalozetsa kunkhokwe, chitenje atachikokera kumaso. Nditawapatsa moni anayankha chapansipansi, khosi lili chilili, osatembenuka.

M'mutu mwanga munawala. Khosi louma, maso oopa dzuwa, mawu ofooka. Sabata yathayo dokotala wanga anali atagwira nthenda yomweyi.

"Taimani kaye za ukwatizi," ndinatero ndikunyamuka. "Nonsenu maso muli nawo, koma simukuona kuti mayi awa mawa safika? Awa ndi matenda oumitsa khosi."

Fabiano anandikoka jekete. Ndinamutcha mbuli. Ndinalamula kuti aitane wakabaza msanga, ndipo (Ambuye andikhululukire) ndinagwira mutu wa mayiwo ndi manja awiri n'kuyamba kuutembenuza. Khosilo linalimbadi, pakuti kumene ndinkalipotolera n'kumene kunakhala Fabiano. Ine kulimbikira, iwonso kulimbikira, mpaka thobwa lonse linathera pa nsapato zanga zopitira kutchalitchi.

Malume aja anandidikira kuti mpweya undithere, kenaka anafunsa mofatsa: "Pepani bambo, kodi kwanu ku Mua apongozi amayang'ana mkamwini kumaso?"

Ine yemweyu, amene chikwatirireni sindinayang'anepo apongozi anga m'maso, amene ndinalowapo m'munda wa chimanga powapatukira njira. Ndinausiya mutuwo pang'onopang'ono ngati munthu wobweza dzungu la eni ake. Fabiano anali atazolika, akuwerenga mizere ya mphasa.

Nkhuku zinabwera kudzajompha pa nsapato zanga. Kenaka kuseri kwa chitenje kunamveka phwete lobanika, mapewa akugwedezeka. Mayiwo ananong'oneza alongo awo, malume aja, ndipo iwo anatiuza kuti mbeta atipatsa, popeza anthu odera nkhawa khosi la apongozi sangazunze mwana wawo. Anangowonjezera kuti zidzukulu zikadzadwala, uthenga usadzafike kwa ine.

Ukwati unachitika, ndipo kuphwando anandikhazika kutali ndi aliyense wotsokomola. Ndaphunzira kulonjera n'kukhala pansi. Komabe potsazikana tsiku lija dzanja la malume aja linali lozizira mokayikitsa, ndipo Lamulungu likubwerali ndikamvetsera bwino ngati dokotala wanga anenapo za manja.