Njinga Yopita Nayo Kwathu

Lemba, mwana iwe, ndipo usandikongoletsere mawu. Chipsera chili pabondo langachi wakhala ukundifunsa kuyambira uli wamng'ono, ine n'kumakunamiza kuti ndinagwa ndi mtolo wa nkhuni. Si nkhuni ayi. Ndi njinga ya agogo ako aamuna, a Phiri. Poti eniakewo anagona kalekale, lero ndinene zoona.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'komboni ya mgodi kuno ku Bindura konkuno, amayi ako, Esinati, akuyamba kumene kuthamanga. Chaka sindichidziwa (sukulu ine ndinkangoidutsa panja), koma nkhondo inali isanafike potitsekera misewu.

A Phiri anabwera kuno ali mnyamata, wapansi, kuchokera kwawo ku Dedza. Mantha awo anali amodzi basi: kutchedwa mtchona, munthu amene anapita kukagwira ntchito kutali n'kuiwala kwawo. Ndiye mwamuna aliyense m'komboni muja anali ndi katundu wake wopita naye kwathu. Wina makina osokera, wina wailesi, wina sutikesi yamalata yodzaza mabulangete. Katundu ameneyo sankakhudzidwa. Ankayenera kukafika kumudzi ali m'pepala lake la kusitolo, kuti abale akaone kuti mwana wawo anagula chatsopano, si zotola kwa azungu.

A Phiri anasankha njinga. Tinapita tonse m'tauni Loweruka, kwa mmwenye wina. Inali yakuda, yoterera m'maso ngati msana wa mlamba. Mmwenye uja atatenga mpeni kuti adule mapepala akhaki amene anakulungira zitsulo, a Phiri anamugwira dzanja.

"Ikona, bwana! Yeka lo pepa!"

Ndi Chilapalapa cha kumgodi chimenecho, kuti asiye pepalalo. Kenaka, kuchokera m'tauni mpaka kukomboni, anaikankha. Osakwera. Pofika pamatope ankainyamula paphewa. Anyamata a Chishona pamsewu anafuula, "Sekuru, bhasikoro rinotasvwa, haritakurwi!" kutanthauza kuti njinga amakwera, sanyamula.

"Asiyeni," anatero a Phiri. "Sadziwa kusamala chinthu."

Ine m'mbuyomo ndinkayenda monyada kuti ndinakwatiwa ndi munthu wosamala.

Kunyumba anawonjezera mapepala ena. Anakulunga chilichonse n'kumanga ndi chingwe, ngakhale tizitsulo tiwiri tija timakhala kunsi kwa mahandulo. Belu analiveka sokosi. Atatero anaipachika kudenga ndi mawaya, pamwamba penipeni pa bedi lathu. Tsiku lililonse akaweruka, akasamba, ankatambasula dzanja n'kuzunguza tayala lakutsogolo, n'kumaliyang'ana likuzungulira mwakachetechete.

"Chaka chamawa, amake Esinati, tikukwera sitima. Amayi akaione."

Chaka chamawa chinabwera kawiri, njinga ili pomwepo.

Tsono khomo loyandikana nalo kunali mnzanga Abiti Saidi, Myao wa ku Mangochi, mkazi wosaopa kanthu. Amuna ake anali ndi chiphakasa cha njinga, chopanda madigadi, chishalo chomanga ndi mphira. Buleki yake inali yakuphazi: ukapalasa chobwerera m'mbuyo, imaima. (Lemba bwino pamenepo, mpamene pagona nkhani.) Lamulungu masana, amuna ali kumpira, ife tinkazemba nayo kupita kuseri kwa chimulu cha dothi la mgodi, pamsewu wafumbi wolowera ku Madziwa. Kumeneko ndi kumene anandiphunzitsa.

Sitinkapita kwina kulikonse ayi. Kungoyenda basi. Iwe sungamvetse. Ine chibadwire ulendo wanga uliwonse unali ndi katundu: ndowa pamutu, mwana kumsana, thumba lopita nalo kuchigayo. Panjinga paja mpamene ndinayamba kuyenda wopanda chonyamula, wopanda wondituma, mphepo ikulowa m'duku. Ndinkaiwala kuti ndine mkazi wa munthu.

Vuto linali loti njinga inali imodzi. Wina akamapalasa, wina amathamanga m'mbuyo ngati galu wa alenje. Tsiku lina Abiti, wefuwefu, anati:

"Amake Esinati, ija ili kudenga kwanu ija ikudikira kuikira mazira?"

"Ii, musatero. Ndi yopita nayo kwathu."

"Nanga tikaidya? Tikangoyenda nayo pang'ono, n'kuipukuta, n'kuibwezera. Nayonso ione dziko."

Ndinakana milungu iwiri. Wachitatu, a Phiri anali ndi shifiti ya Lamulungu pansi pa mgodi. Ndinasiya mwana kwa anansi, tinakwera pabedi awiriwiri, n'kuitsitsa. Mapepala sindinachotse ngakhale limodzi. Ndinkati ndachenjera.

Mayo ine, inali yopepuka! Chiphakasa chija unkachita kuchipempha kuti chiyende, koma iyi inkangoti see, yokha. Tinadutsa pamene tinkalekezera masiku onse, tinadutsa minda, ndipo Abiti anati tikwere chitunda chachikulu chija chimene tinkangochionera patali. Tinakwera chokankha, thukuta kamukamu. Pamwamba tinaima. Mapiri aja ali ndondondo mpaka kumene maso alekezera, komboni yathu yachepa ngati mabokosi a machesi. Ndinaganiza kuti a Phiri ali pansi pa nthaka yomweyi mumdima, njinga yawo ikuona zimene iwo sanaonepo. Chisoni chinandigwira pang'ono. Pang'ono pokha, chifukwa Abiti anali atayamba kale kutsetsereka mbali inayo.

Ndinakwera. Poyamba zinali bwino, ndinkachita kuseka ndekha. Kenaka miyala inayamba kudutsa msanga. Ndinati ndichepetse, n'kupalasa chobwerera m'mbuyo monga ndinazolowera. Mapedulo anangoti ndrrr, kuzungulira mwaulere. Ndinabwerezanso. Ndrrr. Njinga ikuwonjezera liwiro.

Ndinamupitirira Abiti ngati waima.

"Siikuima!"

"Kumanja! Finyani kumanja!"

Ndifinye chiyani? Tizitsulo tija ine ndinkayesa n'tokongoletsa, ndipo tinali titamangidwa m'pepala ngati nyama ya kubutchala. Ndinafinya mahandulo enieniwo mpaka zala kuwawa. Duku linapita. Nsapato imodzi inapita. (Usaseke, lemba.)

Kunsi kwa chitundacho msewu unkadutsa pakamtsinje kopanda mlatho. Tsiku limenelo a Mapositori anali pomwepo, m'mbali mwa madzi, atagwada ndi mikanjo yawo yoyera mbee, akuimba. Ndinaliza belu. Belu lili m'sokosi, linangoti thu, thu. Ndinafuula m'zinenero zonse zimene ndimadziwa: "Basopo! Suduruka! Ndafa ine!"

Anabalalika ngati nkhunda. Ine ndinalowa m'madzi, tayala linamenya mwala, ndipo ndinauluka. Ndinakatera m'matope ofiira, siketi ili kumutu, bondo litasupuka. Pamene ndinkadzuka, mikanjo yoyera ija inali ndi mawangamawanga ngati nkhanga. Mkulu wawo, wampala ndi ndevu zofika pachifuwa, anandiyang'ana atatsamira ndodo yake.

"Amai, mabva kudenga here?" Akundifunsa ngati ndagwa kuchokera kumwamba.

Azimayi awo anali anthu abwino, ananditsuka bondo, wina anakanditolera nsapato. Koma ine za bondo ndinalibe nazo ntchito. Ndinkayang'ana mapepala akhaki aja akusungunuka m'madzi ngati phala, akupita ndi mtsinje. Tayala lakutsogolo linali litapindika, madigadi atakalika mpaka kuoneka chitsulo.

Apa munthu wanzeru akanapita kukadikira mwamuna wake n'kuulula. Ife ayi. Tinaikokera kunyumba podzera kuseri kwa zimbudzi. Abiti anagoneka tayala pansi n'kulidumphira kuti liwongoke. Pokalika paja tinapaka polishi wa nsapato. Mapepala tinang'amba matumba a simenti amene tinapempha kwa omanga, n'kukulunga, n'kumanga, n'kuipachika. Titaima pakhomo n'kuiyang'ana, Abiti anati, "Ngakhale mmwenye yemwe sangadziwe."

Dzuwa likupendeka a Phiri anafika. Anasamba. Ine ndili pakona, ndaphimba bondo, ndikusankha nyemba zosankhasankha kale. Anatambasula dzanja, n'kuzunguza tayala.

Khwe. Khwe. Khwe.

"Amake Esinati."

"Wawa."

"Njinga yanga yaphunzira liti kulankhula?"

"Kapena ndi chinyontho."

"Chinyontho chomwecho n'chimene chaiveka thumba la simenti? N'chimenenso chikukutsimphinitsani?"

Ndinaulula zonse, ndi a Mapositori omwe. Ndinkadikira kuti akalipe, mwina anene kuti ndilongedze. Sanatero. Anakhala pabedi, manja ali pamaondo, n'kunena motsitsa:

"Ndikafika nayo bwanji kwa amayi? Akati ndatola."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mwala uja. Zaka zonse zija za kulowa m'dzenje, munthu anaziika m'pepala lakhaki, ine n'kukalisungunula mumtsinje chifukwa chofuna kupitidwa mphepo.

Mlungu wonse sanandilankhule, kupatula "madzi" ndi "mchere". Loweruka anaitsitsa yekha, anadula mapepala onse ndi mpeni, n'kuinyamula kupita nayo kwa wokonza njinga. Lamulungu masana, nthawi ya mpira, anaima pakhomo nayo.

"Tiyeni kumene mumapita kuja."

Tinayenda mpaka kuseri kwa chimulu cha dothi. Anayang'ana uku ndi uku, kuona kuti kulibe munthu. Kenaka anaponya mwendo pamwamba pa njinga movutikira, ngati akuwoloka mpanda waminga.

"Gwirani kumbuyoku. Musasiye."

"Ndigwirirenji?"

"Ine sindinakwerepo njinga chibadwire."

Mwana iwe, ndinakhala pansi m'fumbi. Kukankha konse kuja, kunyamula paphewa kuja! Ndinaseka mpaka bondo kuyambanso kutuluka magazi, iwo ali chiimire, nkhope ili gwa. Kenaka nawonso anayamba kuseka.

"Ndimati ndikaphunzirira kwathu," anatero. "Kumene ndikagwa, ondiseka akhala abale anga."

"Nanga ine ndine ndani?"

Anangoti, "Gwirani."

Anagwa kanayi tsiku limenelo. Ine ndinawaphunzitsa kupalasa, iwo anandionetsa mabuleki akumanja monga anawauzira wokonza uja. Lamulungu lachitatu ndinasiya chishalo osawauza. Anapita okha, akugwedera, kutsata msewu wa ku Madziwa, umene amati ukautsata osaima umaloza kwawo. Atazindikira kuti ndatsala, anafuula osacheuka:

"Amake Esinati, ndapita kwathu!"

Anakatembenukira pamtengo wina wa masuku, kuno amati muzhanje, n'kubwerera.

Kwawo kwenikweniko sanapite. Nkhondo inakula, maulendo anavuta, kenaka kunabwera kalata yoti amayi awo anamwalira. Manda a agogo ako uwadziwa, ali konkuno. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndine ndinathyola ulendo wawo pamwala uja, kapena unali utathyoka kale, pepala lija n'kumangoubisa. Sanandinenepo, ndipo ine sindinafunse. Chimene ndikudziwa n'choti zaka zambiri Lamulungu lililonse tinkakwera chitunda chija, wina kupalasa wina pakaliyala, ndipo pamwamba ankaima nthawi yaitali akuyang'ana mapiri.

Phunziro? Lemba kuti usanakwere chinthu, yamba wafunsa poimitsira pake. Limenelo ndinaligwira. Linalo, loti usamakhudze katundu wa mwamuna wako, usalembe. Ikanakhala kuti njinga ija ili kudengako lero, ndi bondo langa lomweli, bwenzi ndikukuuza kuti usiye cholemberacho undigwirire bedi.