Utitiri m'phukusi la malemu

Mwamuna wanga anandisiyira nthochi, galu ndi phukusi la zovala. Nthochi sizinandivute. Galu ndi phukusi ndi zimene zinandichititsa manyazi pamaso pa abale ake onse, moti mpaka lero ndikamadutsa pa Ruda pali amayi ena amene akangondiona amayamba kudzikanda mwadala.

Bambo a Rudo anamwalira chaka chija m'mashopu munali mashelefu okhaokha. Chifuwa chinawagwira atangosiya ntchito yothyola tiyi. Kuchipatala anatiuza kuti mankhwala kulibe, tinabwerera nawo kunyumba, basi zinathera pomwepo. Mwana wathu Rudo anali atapita kale ku Joni kukafuna ntchito, choncho ndinatsala pa kamunda kathu ka ku Mandeya ndi galu wa malemu, dzina lake Kapitawo. (Ankati moyo wawo wonse akhala akukalipidwa ndi akapitawo a kutiyi, ndiye ankafuna kukhala ndi kapitawo mmodzi woti iwonso azimuuza kuti "choka apa".)

Kwathu zovala za malemu sizikhudzidwa mpaka abale atasonkhana kudzazigawa. Titaika maliro, mlongo wawo wa malemu, a Naphiri a ku Ruda, anasonkhanitsa zonse, anazikulunga m'bulangete n'kumanga ndi luzi. Wogawa anayenera kukhala mkulu wawo, a Phiri a ku Chirinda, koma iwo ngakhale pamaliro analephera kufika chifukwa mabasi analibe dizilo.

"Mfundo iyi ndamanga ine, ndidzamasulanso ine," anatero a Naphiri. "Achimwene akabwera adzaipeze momwemu. Za mundawu adzakambanso tsiku lomwelo."

Mawu otsirizawo ndinawamva bwino lomwe. Munda unali wa mwamuna wanga. Ine ndinabadwira m'komboni ya pa esiteti, ndipo ku Malawi kwa makolo ndimangomvako dzina. Akanati ndichoke, ndinalibe kolowera. Ndinanyamula phukusilo ngati dzira, ndinakaliika m'kachipinda ka kuseri komwe timasungamo makasu, ndinatseka chitseko, osalowamonso.

Patapita milungu ingapo miyendo inayamba kuyabwa. Ndinkati ndi chisoni. (Munthu wofedwa chilichonse amati n'chisoni, ngakhale chimfine.) Pa nsalu zakuda zimene ndinkavala sipankaoneka kanthu. Amene anaulula ndi mnansi wanga Mai Chipo, wa Chipositoli, amene anadzandipempherera atavala mkanjo wake woyera mbee. Anagwada m'nyumba n'kuyamba pemphero, ndipo asanafike pa Ameni mkanjo uja unali utadzaza timadontho takuda ngati wina wawazapo masamba a tiyi. Kenako masamba a tiyiwo anayamba kudumpha.

"Mai Rudo, iyi si mizimu ayi," anatero akudzikung'untha pabwalo. "Ndi utitiri. Pemphero ndamaliza, koma galuyo mukam'sambitse."

Kunena kunali kosavuta. Sopo tinali titamuiwala maonekedwe ake. Kudibi kumene anthu ankaviika agalu pamodzi ndi ng'ombe kunali madzi obiriwira ndi achule, mankhwala anatha kalekale. Mai Chipo anandiuza kuti ndisinje masamba a zumbani, aja onunkhira timamwa tikadwala chimfine, ndisakanize ndi phulusa. Ndinam'kokera Kapitawo kumtsinje ndi chingwe. Nditangom'paka kumsana anadzipotokola, chingwe chinandikola mwendo, ndinakhala m'madzi ndi zovala zomwe, mphika wa zumbani uli pamutu. Iye anafika kunyumba ine ndisanafike, ali wouma. Wosambitsidwa tsiku limenelo ndinali ine.

Ndinayesanso mawa lake nditam'mangirira pamtengo, ndipo zinatheka. Ndinasesa nyumba yonse, ndinathira madzi otentha m'makona, ndinazira pansi ndi dothi latsopano, mphasa ndinaiyanika padzuwa. Utitiri unachepa masiku angapo, kenako unabwerera ndi abale ake. Ndinam'sambitsanso galu. Unabwereranso. Akakolo anga anali zilonda zokhazokha, ndipo kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo kuti ndizidzikanda mwaufulu.

Masana ena ndikuchokera kokatema nthochi ndinaona mchira ukulowa pansi pa chitseko cha kachipinda kaja. Panali dzenje, lokumbidwa bwinobwino, loterera chifukwa chodutsapo kawirikawiri. Nditatsegula ndinapeza Kapitawo atadzipinda pamwamba pa phukusi, mphuno ataisomeka pampata pomwe pankaonekera kolala ya jekete la mbuye wake. Anandiyang'ana osadzuka.

Sindinam'menye. Ndinakhala pansi pakhomopo n'kulira mmene sindinalirire ngakhale kumanda. Ndikanalirabe, koma nditayang'ana miyendo yanga inali yakuda mpaka m'mawondo, ndipo sizinali nsalu. Mudzi wonse wa utitiri unali m'bulangete lija. Ine ndinkangosambitsa galu kuti akagone woyera pakati pa anzake.

Mankhwala ake ngakhale mwana amawadziwa: masula, wiritsa, yanika. Koma panali mfundo ya a Naphiri. Ndinaganiza zopita ku Ruda kukawapempha kuti adzamasule, koma ndikanayamba bwanji? Ndikanati alamu, galu wakhala akugona pa zovala za achimwene anu ine osadziwa? Sindinapite.

Ndiye ndinachenjera. (Ndikachenjera ine m'pamene zinthu zimaonongeka.) Ndinati palibe amene ananena kuti phukusi lisaone dzuwa. Ndinalinyamula osakhudza mfundo, ndinakaliika pamwala waukulu kuseri kwa nyumba, n'kutsikira kumunda. Amene amadziwa chigwa chathu cha Honde akudziwa kuti mvula ya kuno siodira. Inangotsika m'phiri, ndipo pamene ndinkafika ndikuthamanga, phukusi linali litamwa madzi ngati thonje. Mvula inagwa masiku otsatizana, ndipo zovala zinayamba kununkha chuku.

Ndinachenjeranso. Ndinati utsi uumitsa zovala, uphanso utitiri, ntchito ziwiri pa moto umodzi. Ndinapachika phukusi kudenga la khitchini ndi chingwe cha galu chija, pansi ndinasonkha moto, n'kuponyapo fodya wouma wa malemu ndi tsabola wodzaza manja. Utsi umene unatuluka pamenepo sindinauonepo chibadwire. Ndinathawira panja ndikutsokomola, nkhuku nazo zinkayetsemula. Ndinakhala pansi pa mtengo kudikira, ndikudzitama mumtima, mpaka fungo linasintha. Silinalinso la tsabola. Linali la nsalu.

Chingwe chinali chitatamuka chifukwa cha kulemera, phukusi n'kutsika mpaka kukhala pamakala. Ndinalithira ndowa ya madzi. (Inde, ndinalinyowetsanso.) Pansi pake panali bowo lakuda lalikulu ngati mbale, ndipo sindinalimbe mtima kusuzumira kuti ndione moto wafika pati. Mfundo yokha inali bwinobwino, yokongola ngati tsiku limene inamangidwa. Ndinabwezera phukusi m'kachipinda, mbali yopsa ili pansi, ndinatseka dzenje la galu ndi miyala. Kapitawo ankangogona pachitsekopo n'kumalira chapansipansi. Ine ndinkadzitonthoza kuti utitiri wafa ndi utsi, ndipo wotsalawo ufa ndi njala. Sindinkadziwa kuti utitiri umadziwa kudikira.

A Phiri anafika patapita miyezi, pa lole ya anthu odzagula nthochi, ataonda moti ndinawazindikira ndi mawu okha. Abale anasonkhana pabwalo, amuna pamipando, akazi pamphasa. Ndinatulutsa phukusi n'kulikhazika pansi mosamala ngati wodwala. A Naphiri anaiyang'ana mfundo mbali zonse, anaikoka pang'ono, anagwedeza mutu kuvomereza. Mtima wanga unatsika pang'ono.

Choyamba kutuluka linali jekete, lopanda bala, kungoti linkanunkha ngati nyama yowamba. Linaperekedwa kwa a Phiri, ndipo iwo analivala pomwepo monga mwa mwambo, n'kuimirira kuti alankhule za mng'ono wawo. Anayamba bwino, za ubwana wawo, mmene ankasenzera dengu la tiyi lalikulu kuposa iwo eni. Kenako phewa lawo linadumpha. Anapitiriza. Dzanja linalowa m'kolala, linatuluka, linalowa m'khwapa. Msuweni wawo amene analandira ovololo anali akupukusa msana pampando ngati ng'ombe pamtengo. Pamphasa azimayi anayamba kuyang'anizana n'kumakoka zitenje. Palibe amene ankafuna kuyamba kudzikanda pamaso pa malemu.

Pamenepo a Naphiri anakweza buluku la Lamlungu kuti anthu alione, ndipo ine ndinaona nkhope yawo kudzera pabowo la kumatako.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Buluku," ndinatero.

"Ndikuona kuti ndi buluku. Moto unalowa bwanji mfundo ili chimangire?"

Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi: galu, dzuwa, mvula, tsabola. Pamene ndinkamaliza aliyense anali akudzikanda poyera, koma palibe amene ankaseka.

"Mwamva, achimwene," anatero a Naphiri. "Zovala za m'bale wathu anazisandutsa mphasa ya galu, kenako n'kuziwamba ngati mbewa. Munthu wolephera kusunga phukusi limodzi, munda angausunge?"

Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za komboni, kuti kaya alipo amene angandibwereke khonde.

A Phiri anavula jekete pang'onopang'ono, analikung'untha, analiika pamwendo. Anayang'ana Kapitawo, amene anali atakwawa mpaka kufika pa bulangete n'kuikapo chibwano.

"Alamu, galuyu anayamba liti kugona pamenepa?"

"Sindikudziwa, alamu. Mwina chiikireni maliro."

"Ndiye kuti iye wagona pamaliro miyezi yonseyi," anatero. "Ine mkulu wake sindinagonepo ngakhale tsiku limodzi." Anapukuta m'maso ndi dzanja limodzi, lina likukanda m'khosi. "Mlongo wanga, mfundo yako yaopedwa mokwanira. Taona miyendo ya alamuwa. Munthu amene walola kudyedwa chonchi chifukwa cha luzi sangagulitse munda wa m'bale wanga. Akhale pomwe pano. Tsopano wina aike madzi pamoto, ndikutha kuno."

Zotsalazo zinagawidwa mothamanga, aliyense akulandira ndi nsonga za zala. Mai Chipo anabwera ndi mgolo wake, tinawiritsa zonse, bulangete lomwe, ndipo m'kachipinda tinathiramo madzi otentha mpaka matope. Alendo anapita ndi cholowa chawo chikudontha. A Naphiri sanatsanzike.

Buluku lopsa lija palibe analifuna. Litauma ndinaliyala pakhonde kuti Kapitawo azigonapo. Analinunkhiza, anazungulira, analinunkhizanso, kenako anapita kukagona padothi. Ndinalitola n'kulinunkhiza nanenso. Munali fungo la madzi ndi utsi basi. Mwini wake anali atachokamo.

Utitiri unatha ndithu. Amene ali ndi galu amve kwa ine: kusambitsa galu n'kutaya nthawi ngati simunawiritse pomwe amagona, ndipo musachite manyazi kupempha kuti mfundo imasulidwe. Izi ndimauza aliyense. Chimene sindiwauza n'chakuti pogawa paja ine anandipatsa chipewa chimene bambo a Rudo ankavala kutiyi, ndipo ndinachibisa m'chitenje chisanafike pamgolo. Chili m'sutikesi yanga, sichinaonepo madzi, ndipo ndimachitulutsa ndikakhala ndekha. Nthawi zina pambuyo pake kena kake kamandiluma pamkono. Ndimangoti ndi udzudzu.