Chingwe Chabuluu ndi Nsapato Zanga Pansi pa Mango

Lachinayi madzulo, sabata yachiwiri ya Novembala. Ndakhala kuseri kwa nyumba, kope pamwendo, ndikukanda m'miyendo momwe nyerere zandiluma. Pakhonde alendo akusekabe, ndipo ndikudziwa amene akusekedwa. Ndilembe msanga, mwina mtima ukhala pansi.

Zinayamba dzulo, ndipo zinayamba ndi ukhondo. Linali tsiku langa lokolopa mulaibulale ya kusukulu kwathu, cha ku Milepa. Ine ndikamakolopa sindisiya pakona (amayi amati ndikanatha ndikanakolopa ndi bwalo lomwe). Kuseri kwa tebulo la kompyuta ndinapeza chingwe chabuluu chili mbuu ndi fumbi, chikukwawa m'mbali mwa khoma mpaka kulowa pansi pa chitseko cha ofesi ya ahedi. Chinandimvetsa chisoni. Ndinachizula ku kompyuta n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono. Chinakana kamodzi, kenako chinabwera chonse. Ndinachipukuta, n'kuchikulunga ngati nkhata, n'kuchisunga mukabati pansi pa mabuku akale. Ndinapita kunyumba mtima uli mbee.

Lero linali tsiku lomaliza kutumiza fomu ya msonkhano wa atsikana okonda sayansi, umene uchitike ku Blantyre pa holide. Pasukulu yonse, Madamu Namaona, aphunzitsi athu a sayansi, anasankha ine. Ine amene sindinagonepo kunja kwa Chiradzulu! Fomuyo imayenera kufika isanakwane folo koloko.

"Usadandaule," anatero Madamu Lolemba lapitali. "Yathu ndi intaneti ya chingwe, si ya pafoni yothawa mtambo ukangodutsa. Ya chingwe umaipeza pamene unaisiya."

Titaweruka tinayatsa kompyuta. Palibe. Tinazimitsa, tinayatsanso. Madamu anaimenya pang'ono m'mbali. Ahedi anabwera, anapita kukayang'ana kabokosi ka muofesi mwawo, anabweranso, kenako anaimbira foni anthu amene anatilumikizira intaneti. Anawakalipira mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Ine ndinaima pambali, ndikugwedeza mutu kuvomereza kuti anthuwo ndi osasamala. (Kabati inali kumsana kwangaku. Sindinaganize kanthu.) Kuseri kwa tebulo sikunasuzumire munthu. Kunali koyera kwambiri, panalibe chokayikitsa.

"Akuti abwera mawa m'mawa kuchokera ku Limbe," ahedi anatero. "Andiona."

Madamu anandiika fomu m'manja. "Foni yanga yaikulu inagwera m'ndowa. Thamanga kwanu, ujambule masamba atatu onsewa, utumize pa nambala ili m'munsiyi. Thamanga!"

Kwathu foni yojambula ili ndi achemwali anga a Esinati okha. Ndinawapeza akusesa pabwalo kachitatu, chifukwa lero kumabwera akuchimuna kudzafunsira ukwati wawo.

"Ubwere nayo msanga," anatero. "Ndipo iwe, lero lokha usandichititse manyazi."

"Ine ndinakuchititsanipo manyazi liti?"

"Ndangonena."

Ndinajambula masamba atatu aja msangamsanga. Koma netiweki ya kwathu ili ndi malo ake ngati chitsime. M'nyumba mulibe. Pachulu cha kumunda ndinapeza kamzere kamodzi, ndipo nditangopuma kanazima. Ndinathamangira kuseri kwa tchalitchi, palibe. Ndinayenda uku ndi uku, dzanja lili m'mwamba ngati ndikufuna kuyankha funso m'kalasi. Panatsala malo amodzi: mtengo wa mango wa pamphambano, umene anthu amati m'mwamba mwake foni imagwira ngati m'tauni.

Mtsikana wamsinkhu wanga sakwera mumtengo. Ndinalangizidwa zimenezi ndipo ndinamva. Ndinayang'ana kumanja, kumanzere, ndinavula nsapato n'kuziyika bwinobwino patsinde, ndinapanira siketi, n'kukwera.

Pa nthambi yachitatu timizere tinafika titatu. Tsamba loyamba linapita. Lachiwiri linapita mokakamira. Lachitatu linayamba kuzungulira, kuzungulira. Nthawi yomweyo makabaza awiri anaima pansi panga penipeni.

Anatsika bambo wa jekete, chipewa ndi ambulera, komanso mayi wonenepa atanyamula jumbo.

"Tikonzekere pompano, tisafike ndi fumbi kwa eni ake," anatero mayiwo. Anakhala pamuzu, navula masilipasi, natulutsa nsapato zakuda mujumbomo. "Ndipo achimwene, mukalankhule za ukwati zokha. Nkhani zanu za mpira zitsale pano."

"Ine si mwana, achemwali. Kungoti akuti ndi banja laulemu kwambiri. Makamaka mng'ono wake wa Esinatiyo. Akuti ngakhale nkhuku amaipatsa njira."

Ndinasiya kupuma. Akuluakulu anali pansi, ine pamutu pawo, miyendo lendee. Nyerere zofiira za mumango zinali zitandipeza kale ndipo zinkakwera m'miyendo mwadongosolo. Sindinakande. Ndinaluma mlomo n'kumayang'ana chithunzi chikuzungulira. Ndinapemphera kuti azipita. Bambowo anayamba kupukuta nsapato ndi tsamba, imodzi imodzi, osathamanga.

"Nanga nsapato zasukuluzi zabwera zokha?" anafunsa mayi aja.

Anayang'ana m'njira. Anayang'ana kumunda. Kenako anakweza maso.

Chimene ndinachita sindichimvetsa mpaka pano. Thupi linangokumbukira mwambo lokha: ndinapinda mawondo kuti ndigwade pa nthambipo, n'kuomba m'manja foni ili kukhwapa. Nthambi inagwedera, timango tiwiri tosapsa tinagwera pa chipewa cha bambowo.

"Mwaswera bwanji?" ndinatero ndi mawu ngati a kamwana ka mbuzi.

"Taswera," bambowo anayankha, chifukwa moni sakana ngakhale wachokera kumwamba. "Iwe ndiwe mwana wa kwa yani?"

Bodza silinabwere. "Ndine mng'ono wawo wa a Esinati."

Bambowo anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati.

"Tatsika, mwana iwe," anatero mayiwo.

Munthu wamkulu akati tsika, umatsika. Nditafika pa nthambi yapansi, timizere tonse tinazima, ndipo pa tsamba lachitatu panatuluka chizindikiro chakuti lakanika. Apo misozi inangoyamba yokha. Ndinafotokoza zonse mosakaniza: fomu, Blantyre, Madamu, folo koloko.

"Achimwene, nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi khumi."

"Ndiye ukutsikiranji? Kwera! Achimwene, tembenukani muziyang'ana kumundako."

Bambowo anatembenuka, natambasula ambulera pamutu ngakhale kunalibe dontho la mvula. Ndinakweranso, mayiwo akundilondolera ali pansi, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

"Kweza dzanja! Osati choncho, ngati ukuthyola! Kwathu ku Mikolongwe timakaipeza pamwamba pa khola. Yabwera?"

"Kamodzi... tiwiri..."

"Usapume!"

Chinazungulira, chinaima, chinazunguliranso. Dzanja linachita dzanzi. Kenako tsamba lachitatu linapita, ndipo pasanathe nthawi kunabwera yankho lalifupi lakuti alandira. Mayiwo analulutira pamphambano pomwepo. Bambowo anafunsa ali chitembenukire ngati tsopano angayang'ane.

Tinayenda limodzi kupita kwathu, ine kumbuyo nditanyamula jumbo yawo. Ndinayamba kuganiza kuti tsikuli latha bwino.

"Koma zikundidabwitsa," bambowo anatero. "Ine ndagwirapo ntchito yaumesenjala muofesi zaka zambiri. Intaneti ya chingwe ngati ya kusukulu kwanuyo sivutavuta. Ikasiya, umangosuzumira kuseri kwa kompyuta ngati kachingwe kake kali m'malo. Kawirikawiri kamakhala kabuluu."

Ndinaima.

"Kabuluu?"

"Eya, kataliko ndithu. Amakazula ndi ana opulupudza."

"Osati ofatsa ngati uyu," mayiwo anatero, akundisisita paphewa.

Sindikumbuka mmene ndinafikira kunyumba. Alendowo ndinawapatsa madzi osamba m'manja nditagwada, pansi penipeni ulendo uno, ndipo mayi aja anauza amayi anga kuti ndimagwada bwino paliponse. Nkhani ya mumango inafotokozedwa nkhani ya ukwati isanayambe. A Esinati anandipeza kukhitchini, nandilanda foni, nanditsina pamkono osanena kanthu. Koma ukwati wavomerezedwa, ndiye mwina Loweruka adzandilankhula.

Fomu yapita. Ndimayenera kusangalala, koma ndikangotseka maso ndikuona anthu a ku Limbe akukwera njinga yamoto m'mamawa kudzakalipiridwa chifukwa cha chingwe chimene chagona mwaudongo pansi pa mabuku akale.

Mawa ndidzuka tambala woyamba, ndikafike kusukulu iwo asanafike. Ndikatulutsa chingwecho mukabati, ndikagogoda kwa ahedi, ndikagwada, ndikanena ndekha kuti ndinali ine. Mawu akakana kutuluka, ndikangochikweza m'mwamba kuti achione. Akakandikhululukira, ndikapempha kuti ndikolopenso mulaibulale, chifukwa lero mwapondedwa ndi anthu ambiri.