Tsiku limene ndinathawa banja osadziwa

Abale inu amene mukundifunsa kuti ulendo wa kuphiri uja uli pati, khalani pansi ndifotokoze kamodzi kokha, chifukwa ndatopa, msana ukuwawabe, ndipo kutchalitchi anthu akundipatsabe moni wa manja awiri ngati wofedwa.

Nkhani inayamba bwinobwino kusukulu komwe ndimaphunzitsa pa Boma pano. Ine ndi aphunzitsi anzanga awiri tinagwirizana kuti holide ikafika tidzayende pamwamba pa mapiri, kuyambira phiri la Dedza mpaka ku Chongoni, masiku angapo, kugona m'tenti, kudziphikira tokha. Utsogoleri ndinadzipatsa ndekha, poti ndinali nditaonera mavidiyo ambiri pafoni. M'mavidiyomo amati usananyamuke ulendo weniweni uyambe wayeserera kuyenda ndi katundu wako yense kumsana. Nzeru yabwino, eti?

Vuto linali loti mayi a Tadala, akazi anga, za phirizi sankafuna n'kuzimva komwe. Iwo ndi namwino, ndiye amangoti, "Inu ndi mimba yanuyo? Mukufuna adzakubweretseni ku wodi kwanga pa machira?" Lachisanu tinakangana pang'ono, ine mtima utakwera n'kunena kuti, "Chabwino, tsiku lina mudzangoona ndapita." Ndinkanena kuphiri, abale. Kuphiri!

Loweruka m'mawa iwo asanaweruke ku naiti, mwana wathu Tadala ali kusukulu yogonera konko, ndinati mpata woyeserera ndi uno, palibe wondiseka. Ndinatenga chikwama chachikulu chakumsana chomwe ndinabwereka n'kuyamba kulongedza. Bulangete lija tinalandira pa ukwati, zovala pafupifupi zonse poti kuzizira kwa Dedza mu Juni mukukudziwa, poto, mbale, ufa, kachewere, mbaula, mpaka kawailesi kanga. Mphasa ndinaikulunga n'kuimangirira pamwamba. Foni ndinathimitsa, chifukwa mavidiyo aja amatinso uzolowere kusunga moto.

Ndikutuluka pageti, mayi Nachisale oyandikana nawo nyumba anali akusesa panja. Anaima chilili.

"Abambo a Tadala, kwagwanji? Katundu yenseyu?"

Ine kufuna kumveka wanzeru ndinati, "Ndatopa ndi moyo womangokhala pamodzimodzi, amayi. Munthu umafunika kupumako mpweya wina."

"Nanga amayi akudziwa?"

"Aona okha akabwera."

Tsache linagwa pansi. Ine ndinkayesa asirira.

Pafupi ndi msika ndinakumana ndi a Kachingwe, mkulu wa mpingo kwathu. Anandiyang'ana kuyambira pa mphasa mpaka kunsapato, n'kundigwira dzanja osalisiya. "Aphunzitsi, simungayambe mwakhala pansi n'kukambirana kaye?" Ine mumtima ndimvekere basi mayi a Tadala awadandaulira za phiri. Ndiye ndinayankha molimba mtima, "Zokambirana zinatha, abambo. Iwo akane, alole, ine ndapita." Mkulu uja anangoti, "Ambuye tichitireni chifundo," n'kuyamba kupisa m'thumba kufuna foni.

Tsono chikweza cha phiri la Dedza chija! Kodi amene amajambula mavidiyo aja, m'zikwama mwawo mumakhala thonje? Ndisanafike n'komwe pamene pamayambira mitengo ya paini, malamba anali atandicheka m'mapewa, mbaula ikundigunda pamsana, poto akulira ngwengwengwe, agalu a m'njira yonse akunditsatira. Ndinkayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, ngati minibasi yofuna anthu pa M1. Kenaka lamba mmodzi anaduka, chikwama chinapendekeka, kachewere yense n'kuyamba kugubuduzika kubwerera kumsika komwe ndinamugula. Ndinathamangitsako awiri atatu, enawo ndinangowatsanzika ndi maso.

Ndinati ndipumeko pang'ono. Ndinayala mphasa pansi pa paini, kufunda bulangete la ukwati lija, kamphepo kakuomba, basi. Podzidzimuka dzuwa linali litapendeka, pakamwa pouma, miyendo ngati ya munthu wina. Kutsika kwake ndinachita kukhwekhwereza chikwama mpaka pamsewu, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, mphasa ili chopingasa.

Kufika pakhomo, nsapato mbwee pakhonde. Ndinati kwagwa maliro. Kulowa pabalaza, ndinapeza malume anga a Mbewe, omwe ndi ankhoswe anga, achokera ku Chongoni atavala jekete la pamilandu. Apongozi anga aakazi achokera ku Mayani, chitenje chili m'chiuno. A Kachingwe ali ndi Baibulo pamwendo. Pakona pali mayi a Tadala, yunifolomu sanavule n'komwe, maso ali psuu, munthu wagwira ntchito usiku wonse osagona n'kudzapeza m'nyumba mulibe bulangete, mulibe zovala za mwamuna, foni yosapezeka. Apo kuseka kunalibe, abale. Ndinamva chisoni chenicheni, ndipo manyazi anandigwira.

Malume sanandipatse n'komwe mpando. "Iwe, tiuze zoona pamaso pa apongozi akowa. Mkaziyo ndani, ndipo amakhala kuti?"

"Mkazi uti, amalume? Ine ndinapita kuphiri kukayeserera."

"Kuyeserera chiyani?"

"Kuyenda."

A Kachingwe anatseka Baibulo.

Ndinayamba kufotokoza zonse, za anzanga awiri, za tenti, za kugona pamwamba pa phiri mpaka kukatulukira ku Chongoni. Malume anandidula. "Ku Chongoni? Kwathu? Minibasi zatha? Ine ndabwera pa minibasi lero lomwe chifukwa cha iwe!" Ndinati ayi, cholinga n'kungoyenda, kuona malo. Anafunsa ngati kuli mapemphero kuphiriko, ndinati ayi. Ngati boma likulipira, ndinati ayi. Apongozi anapukusa mutu n'kuuza malume motsitsa mawu, koma ndithu kuti ndimve, "Bola akanakhala ndi mkazi wina, tikanadziwa poyambira. Izi ndiye sitingazithe ife."

Apa mayi a Tadala anadzuka, n'kuyang'ana chikwama chodukacho, masamba a paini ali m'tsitsi mwanga, buluku lili fumbi lokhalokha.

"Ndiye pamwamba pa phiripo mwafikapo?"

"Ayi."

"Pakati?"

"Ndinafika poyambira paini paja."

Kenaka anakhala pansi n'kuyamba kuseka, misozi ikutuluka, kuseka kwa munthu wotopa. "Amayi, bwererani ku Mayani mtima uli m'malo. Bambo awa sangandithawe. Akhoza kufuna, koma miyendo singalole."

Nyumba yonse inaphulika, ndi malume omwe. Ine ndinangokhala pansi pa simenti poti mpando panalibe wondipatsa, komanso kunena zoona kuimirira kunali kutandikanika.

Ndiye anzanga awiri aja ndawauza kuti asankhe mtsogoleri wina. Phiri la Dedza limaoneka bwino kwambiri uli pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndipo mukadzandionanso ndabereka chikwama choposa cha mabuku, musadzavutike kuitana ankhoswe, mudzangondigwira n'kundikhazika pansi.